Bwalo Likadali Pansi pa Chipale

Faifi koloko m'mawa, Febuluwale.
Kuno ku North Dakota dzuwa limadzuka mochedwa ngati bwana,
ife aganyu ake tadzuka kale.
Holo ya basiketibolo atibwereka mpaka seveni.
Ikakwana, atsikana alowa ndi mipira yawo ikuluikulu,
ife tizipinda maukonde.

Bwalo lathu lenileni lili panjapo,
lagona pansi pa chipale chofika m'chiuno.
Chatulukira n'chikwangwani cha zigoli chokha,
chikadasunga manambala a chaka chatha:
alendo khumi ndi chimodzi, eni bwalo ziwiri.
A kochi Lundeen anakana kuti tiwafufute.
Akuti tiziwawerenga popita m'kalasi.

Ine ndine wowakha.
Ntchito yanga n'kunjuta kumbuyo kwa womenya,
nkhope m'chitsulo ngati galu woluma,
kutola zimene chibonga chaphonya.
Chaka chachinayi chino, chomaliza,
mawondo ayamba kulira ngati chitseko cha galaja.
Usiku ndimapaka golovesi mafuta,
kuikamo mpira, kuimanga ndi chingwe cha nsapato,
n'kuigonera pansi pa matiresi
kuti isaiwale chimene inabadwira.

Eloy Barragán, mwana wa ku Laredo,
anaona chipale koyamba mu Novembala,
anachijambula n'kutumizira amayi ake.
Pano sachijambulanso.
Amaponya atavala majuzi awiri,
mpira wake umabwera ukuimba mluzu, phaa! m'chikhatho,
chala changa dzanzi mpaka masana.
Vuto n'limodzi: mpirawo sudziwa kumene ukupita.
Dzulo unaswa babu la kudenga.
A kochi anayang'ana magalasi pansi, anayang'ana Eloy,
"Liwiro lilipo. Tsache lili kuseri kwa chitseko."

Tinali makumi awiri ndi awiri.
Weston Aaberg anapita kwawo pa Khirisimasi, sanabwerenso:
bambo ake anagwa pa nkhokwe ya tirigu,
ndipo ng'ombe sizidikira kuti munthu amalize digiri.
Pa kabati yake dzina likadalipo.
Malo ake tikuyesapo kamnyamata ka chaka choyamba
kamene kamapepesa mpira ukakadutsa.

Ndalama ya basi tinaipeza ndi fosholo,
khomo ndi khomo, kukumba misewu ya anthu okalamba.
Ikwanira maola khumi ndi anayi kulowera kummwera,
ku Kansas, kumene akuti udzu wayamba kusuzumira.
Tikagona anayi m'chipinda cha awiri.

Sitinamizana. Palibe wa ife adzaoneke pa kanema.
Otionerera sapitirira makumi anayi:
makolo, zibwenzi zopirira,
ndi mayi Tollefsrud ndi bulangeti lawo,
pensulo m'manja, kulemba kulakwa kulikonse
chiyambire ine ndisanabadwe.
Mu Meyi ndivala tayi, ndikawerengetse anthu misonkho.

Koma besibolo ndi masewera odabwitsa:
munthu amachoka pakhomo akuthamanga
cholinga chake chili chobwerera pakhomo pomwepo.
Ine sindichoka. Ndimakhala pakhomopo,
kutchinga alendo ndi chifuwa.

Lero titapinda maukonde
Eloy anandikodola, mafosholo awiri paphewa.
Tinakumba mongoganizira, kulondola mpanda,
mpweya ukufuka m'kamwa, nsidze zitauma gwa,
mpaka fosholo inagunda chinthu chosakhala dothi.
Ndinasesa ndi mkono wa jekete:
mphira yoyera ya ngodya zisanu,
ili pomwe tinaisiya.

Ndinanjuta. Mawondo anadandaula.
Iye anabwerera m'mbuyo akuwerenga mapazi,
akutitimira, akutukwana m'Chisipanishi,
anavula juzi imodzi, anapuma,
n'kuponya.

Unandidutsa pamwamba pa mutu, kutali,
n'kumira tibu! m'chipale, osasiya ngakhale dzenje looneka.
Tinaseka mpaka mano kuwawa ndi mphepo.
Belu la kalasi yoyamba linalira.
Tidzaupeza mu Epulo.