Konkire ya Bambo

Ngalande iyi anaiwaka ndi bambo anga,
a Jailosi, amene anafika kuno wapansi kuchokera ku Ntcheu.
Kamtsinje kakuseri kwa Mbare anakawongola ngati ndodo
kuti kathamange, kakatule msanga mu Mukuvisi.
Ankanyadira: "Taonani, palibe pokhota."

Chaka chino piki ili m'manja mwanga,
ndikuswa zomwe iwo anasalaza.
Pachidutswa china ndinapeza chidindo cha chala,
chawo kapena cha mnzawo, ndani angadziwe;
chili m'thumba la ovolosi.

Tinavuula matayala makumi anayi,
majumbo, chitseko cha filiji,
nsapato zakumanzere zokhazokha.
Amai a Tarisai, omwe tinawazulira chimanga m'dambo,
moni wanga sayankha mpaka lero.
Sindiwada. Bango silidyedwa.

Koma ya Disembala itagwa
madzi sanagogode m'makomo akumunsi.
Anayenda mozemba, nakhota pomwe ankakhota kale,
nagona m'maudzu masiku atatu
ngati munthu wobwera kuulendo.

Dzulo nantchengwa anatera pamatope
kudzazonda mbululu.
Ndinavula chipewa.
Pepani bambo,
mtsinje wakana kuguba ngati msilikali.