Mano Awiri Owonjezera

Haugen anakweza pikapu pa jeke,
nalemba choko pa tayala lakumbuyo,
mzere wina pa shafiti.
"Zungulitsa kamodzi, Verna, ine ndiwerenge."
Shafiti inayenda katatu ndi theka, basi.
Anapukutira manja pa ovolosi, osandiyang'ana.
"Iyi ndi yopitira ku tchalitchi," anatero,
"osati yokwezera ng'ombe zisanu ndi zitatu pa Homestake."

Ndinkadziwa kale.
Lachiwiri ndinali pa chitundacho, ngolo kumbuyo,
giya ikusakasaka pokhala,
yachisanu, yachinayi, yachisanunso,
ngati munthu wofika mochedwa pa maliro.
Singano ya oyilo inakwawira kofiira.
Ndinapatukira m'mbali.
Chipale chinkagwa pa boneti n'kusungunuka pomwepo,
ng'ombe zikupalasa pansi m'ngolomo,
mpweya wawo ukutuluka m'mipata ngati utsi.
Magalimoto a ku Butte ankadutsa, nyali zili ngwee,
ine manja m'khwapa,
kudikira chitsulo kuti chizizire.

Ya bambo sinkachita zimenezi.
Inali yokalamba, chitseko chomanga ndi waya,
ndipo m'chigwa inkalira mokweza
moti amayi ankasiya nkhani pakati.
Dizilo inkamwa ngati yabooka.
Tinkaiseka ine ndi Lowell,
iwo n'kungoti, "Mudzaifunse pa phiri."
Atamwalira ndinaigulitsa sabata yomweyo.
Ndinagula iyi chifukwa cha bata lake,
chifukwa wogulitsa anandionetsa papepala
mamailosi amene galoni imodzi ingandifikitse.
Za phiri sindinafunse.

Haugen anatsegula difu,
oyilo wakuda nachucha m'beseni.
Anandigwiritsa gudumu lalikulu la mano, lolemera ngati mwana.
"Werenga." Makumi atatu ndi asanu ndi anayi.
Kakang'ono kolumana nalo: khumi ndi limodzi.
Pa benchi panali ena atsopano, ali m'pepala la mafuta,
makumi anayi ndi limodzi,
kakang'onoko khumi.

"Awiri okha owonjezera? Limodzi kuchotsa?
Ndalama zonsezi n'za mano atatu?"

Anaseka, nalavulira m'chitini.
"Shafiti iziyenda kanayi ndi kachidutswa
tayala lisanamalize kamodzi.
Injini ndi yomweyo, mphamvu sindikuwonjezera.
Ndikungoipatsa masitepe aafupi.
Wosenza thumba sadumpha makwerero.
Koma usadzabwere kudzandidandaulira za dizilo:
chimene upeza pa phiri
udzalipira m'chigwa, tsiku ndi tsiku."

Ndinagulitsa chishalo cha Lowell kuti ndikwanitse.
Iye sakudziwabe.

Lero m'bandakucha ndabwereranso pa Homestake,
ng'ombe zomwezo, zaonda pang'ono.
Pa kona pamene ndinaima paja
giya inatsikira pa yachinayi, n'kukhazikika.
Sinafunefune ina.
Ngolo inabwera m'mbuyo mwanga mosakangana nane,
singano ili phee pakati,
mitengo ya paini ikudutsa umodziumodzi.
Potsetsereka ndinaika yachitatu
ndi kuchotsa phazi pa buleki.
Injini inagwira katundu yense ndi mano ake,
ikung'ung'udza, osamutaya.

Chimene Haugen sanandiuze ndi ichi.
Nditafika pansi, msewu utawongoka
kulowera ku Whitehall, dzuwa likutuluka,
injini inakweza mawu, osatsitsanso.
Si phokoso lalikulu ayi.
Ndi kulira kuja kwa zaka makumi atatu zapitazo,
ine pakati, Lowell pa windo,
khofi akutayikira pa mwendo wa bambo,
amayi atatseka pakamwa chiganizo chisanathe.

Singano ya dizilo ndinaiona ikutsika.
Ndinaisiya itsike.
Ndinazimitsa wailesi.
Mamailosi makumi asanu ndi limodzi otsalawo
ndinangoyenda ndikumvetsera,
ng'ombe zili duu kumbuyo,
mano makumi anayi ndi limodzi
akulumana ndi khumi
pansi pa msana wanga.