Msewu wa ku Elsa

Tinachoka ku Whitehorse kusanache,
ngati kuno kumacha n'komwe:
mwezi wa Juni usiku umangotsinzina diso limodzi.
Bambo anakhala pambali panga, botolo la mpweya pakati pa miyendo,
chipewa cha mumgodi pamaondo,
chija chosweka nyali.
"Uyendetse bwino, Marjorie," anatero.
Limenelo ndi dzina la amayi.
Sindinawakonze. Ndinangoponda moto.

Makilomita mazana anayi ndi kanthu.
Mitengo yowonda ngati odwala pamzere wa chipatala,
ina yopendekera, yoledzera,
poti madzi oundana pansi pake ayamba kusungunuka.
Kenako phiri lonse lili bii, moto unadutsapo chaka chatha,
ndipo pakati pa zitsa maluwa ofiirira ali mbwee,
opanda manyazi pamaliro.

Ku Carmacks tinathira petulo, tinamwa khofi wowawa.
Mayi wa pasitolo anafunsa:
"Ku Elsa mukatani? Kulibe munthu."
Bambo anayang'ana wotchi yakufa padzanja.
"Ndikupita kuntchito. Ndachedwa."

Titadutsa Mayo phula linatha.
Miyala inayamba kugenda pansi pa galimoto
mpaka thayala linati phuu.
Ndinagwada m'fumbi, sipanala m'manja,
udzudzu ukundidya khosi ngati ndinaukongola.
Bambo anatsitsa windo pang'ono.
"Usatembenuke msanga, mwanawe."
Kuseri kwanga chimbalangondo chinkawoloka msewu,
ana awiri m'mbuyo,
chosatilabadira,
ngati mwini munda wodutsa aganyu.

Elsa.
Ndinakonzekera nyumba zakugwa.
Sindinakonzekere kusapeza nyumba.
Chikwangwani cha kampani, udzu, zitsulo zadzimbiri,
mphepo yochokera kumapiri komwe chisanu sichinachoke.
Bambo anatsika, botolo likukwekwereka pambuyo,
nayamba kuloza:
apa pankakhala Toivo, amene anaduka zala ziwiri osalira,
apa Dragan ndi nkhumba yake yoletsedwa,
apo sukulu, apo holo ya kanema Loweruka.
Chala chawo chinkamanga, mphepo n'kumagumula.

Tinapeza masitepe atatu a simenti
okwera kupita kopanda khomo.
Anakwera onse atatu,
napukuta nsapato,
nagogoda m'malere.
Ine ndinayang'ana kumbali, ngati ndikufuna china m'thumba.

Zaka makumi awiri ndi zitatu pansi pa phiri ili.
Siliva anapita kum'mwera, anakakhala masupuni
a anthu osadziwa kuti Elsa ali kuti.
Fumbi ndilo linatsala nawo,
likulira m'chifuwa usiku ngati chitseko chosathira mafuta.

Ndinati tibwerere. Anati ayi, Keno ndi pafupi.
Ku Keno anthu mungawawerenge osatha zala zakumapazi.
Pakhonde la nyumba yamatabwa
nkhalamba ina inkanola macheka.
Inakweza mutu, inatsinzina, inaimirira pang'onopang'ono.
"Wendell Harkness! Iwe sunafe?
Uli ndi madola anga asanu."

Bambo anakhala chete nthawi yaitali.
Ndinaopa.
Kenako pakamwa panagwedera:
"Asanu ndi awiri, Ambrose.
Unaiwala a tsiku lomwe mgodi unatsekedwa."
Anaseka mpaka chifuwa chinawagwira,
natembenukira kwa ine, misozi ili m'maso:
"Corinne, mpatse ndalama zake munthuyu."

Corinne.
Miyezi khumi ndi umodzi ndisanalimve pakamwa pawo.
Ndinapereka madola khumi, chenji sindinafunse.

Tsopano ndi pakati pa usiku, dzuwa lakana kulowa.
Akugona, chipewa chagwera kumapazi.
Thayala lapadera kulibenso,
ndiye ndikuyenda pang'onopang'ono, kuzemba mwala uliwonse.
Akadzuka mwina ndikhalanso Marjorie.
Khwangwala wakhala pachikwangwani cha ku Dawson,
ndipo petulo alipo wokwana
kukhotera kumanja.