Ndalembanso, Azakhali

Ku khonsolo, pa boma la Ntcheu,
ndili ndi tebulo pafupi ndi zenera long'aluka
ndi kompyuta yotsokomola magetsi akabwera.
Ntchito yanga ndi kuika zidziwitso pa Fesibuku.
Lolemba lija ndinalemba motere:

"Potsatira ndondomeko zokhazikitsidwa ndi nthambi zokhudzidwa,
onse oyenerera akudziwitsidwa
kuti ntchito yokonzanso ziphaso ichitika
mogwirizana ndi dongosolo la magawo
monga zafotokozedwera m'ndime yachinayi ya chikalata chapitacho."

Bwana Kandaya anawerenga, nagwedeza mutu:
"Apa ndiye walemba ngati boma."
Tsiku lonse ndinayenda mapewa ali m'mwamba.

Lachitatu, chifunga chisanachoke paphiri,
ndinawapeza pakhomo la ofesi azakhali anga, a Nangozo,
atafunda zitenje ziwiri,
zikhadabo zili ndi dothi la mbatatesi.
Ndowa zisanu anazisiya pa msika wa Lizulu
m'manja mwa kamwana kosadziwa kubweza chenji.
Minibasi inali itawadyera ndalama ya sopo ndi mchere.

"Mdzukulu anandiwerengera pa foni,
kawiri, kachitatu mokweza.
Tinangotolapo 'ziphaso'.
Zinazo zinali mvula pa malata.
Ndiye ndabwera."

Chonsecho olembera amapita ku Lizulu komweko Lachisanu,
pa sukulu, poti mwala ukhoza kufika kuchokera pa ndowa zawo.
Zinalembedwa ndithu. M'ndime yachinayi.

Sanandikalipire. Bola akanatero.
Anangoti: "Gelesomu, ukamagula kabichi kwa ine
umayamba ndi 'potsatira ndondomeko'?
Sumangofunsa kuti zingati?"

Pa Lizulu msewu ndiwo malire,
uku Malawi, uko Mozambiki,
koma mayi amawoloka dengu lili pamutu.
Malire amene ndinamanga ine anali a mawu
ndipo ndinaiwala kusiya powolokera.

Madzulo ndinakhala pansi ndi chiganizo chija
ndi kuchisenda.
Makoko anagwa ambiri, ena ndimawakonda,
ndinawatola ku koleji, ndinawalipirira fizi.
Chotsala chinali ichi:

"Chiphaso chanu cha unzika chatha ntchito?
Bwerani Lachisanu pa sukulu ya pulayimale ya Lizulu
kuyambira 8 koloko m'mawa.
Tengani chiphaso chakalecho.
Musabwere ku boma. Tikubwera ndife."

Bwana anachiyang'ana nthawi yaitali.
"Chili mbulanda ichi. Anthu aziti sitinaphunzire."
Ndinati aziti choncho, bola afike.
Anapumira m'mwamba, nafuna kuwonjezera "motero" mmodzi yekha.
Cholembera chinakana kutulutsa inki.

Lachisanu sindinapiteko.
Akuti mzere unakhota mpaka pa mjigo,
akuti wina anachikopera pa katoni ndi khala
nachikhoma pa chigayo.
Azakhali sanandiimbire foni yothokoza.
Kondakitala wina anangonditulira kathumba ka mbatatesi,
zazing'onozing'ono, zija zotsala posankha.

Lero kwabwera chikalata china chochokera ku Lilongwe,
masamba anayi, chidindo pansi,
ndipo mawu oyamba ndi "Potsatira".
Ndikuchiwerenga mokweza, kawiri, kachitatu,
ndikuyang'ana pazenera long'aluka lija
pomwe ndimaonabe zitenje ziwiri m'chifunga
zikudikira kuti ndinene tsiku, malo,
ndi choti munthu anyamule.