Mutuwandowa

Tepiyo inabwera pansi pa mpando wa galimoto,
imodzi mwa zija zodzera ku Nakonde
zikadali ndi fungo la dziko lina.
Amalume a Fackson anaipeza pokolopa:
yakuda, yopanda chikuto,
zilembo zake ngati mapazi a nkhuku pamatope.
Mwini galimoto anati tayani.
Amalume sataya kanthu, ngakhale msomali wopindika.

Kuseri kwa msika wa Kapata
kunali kachipinda ka malata, chitseko cha chiguduli,
mabenchi anayi, batire la lole,
ndi kanema wosadzuka mpaka umuwombe khofi.
Polowa handiredi kwacha, yofota ngati nkhwani za dzulo.
Wopanda ndalama ankasuzumira pabowo la msomali.

Ndiye tinamuona.
Kamnyamata koonda ka ku Japani, koperekera katundu panjinga
ngati achimwene athu omwewa.
Kakweza mkono, kakuwa, chithunzi n'kudumpha,
basi kasanduka: thupi lofiira,
kumutu chinthu chomwe tonse tinachizindikira.
Ndowa! anakuwa wina kumbuyo.
Dzina linamata pompo.

Zipi inkaoneka kumsana kwake.
Chilombo chinali cha mphira, nyanga imodzi yopendama,
kunsi kwake nsapato za munthu.
Nkhondo zonse pamalo amodzi, pokumba miyala,
ngati paja amayi amaswa miyala m'tsinde mwa Kanjala.
Adani anali asanu okha:
kufa lero, kudzuka mawa atasinthana malaya.
Wotsimphina uja tinkamudziwa, tinkamupatsa moni.
Tsiku lina kumbuyo kunadutsa agogo ndi jumbo ya kumsika,
osatembenuka n'komwe kuti dziko likutha.

Chilankhulo palibe ankachimva.
Zondiwe, amene giredi seveni inamukana kawiri,
ankaima pambali kumasulira:
Akuti bweza mbuzi ya apongozi!
Akuti iwe ndiwe unaba feteleza ku Mtenguleni!
Lachiwiri mbuzi ija inkasanduka njinga,
koma sitinamutsutse.

Magawo anali asanu ndi limodzi ndi theka.
Pa thekapo Mutuwandowa ali chagada,
ndowa yang'aluka,
ndipo pamng'alupo diso:
diso la munthu, lofiira, thukuta likulowamo.
Chilombo chikudza, chikudza,
kenaka nyerere zokhazokha.
Amalume anapukusa ndi bolopeni,
analumikiza ndi kyutekisi wa azakhali,
anapemerera, anatukwana.
Nyerere basi.

Tinamaliza tokha.
Ndowa ya amayi inasowa Loweruka,
inabwera ndi mabowo awiri, ine ndi mikwingwirima.
Tisaine anakana kukhala wopulumutsidwa:
anatilanda ndowa, anavala saka la feteleza,
anagwetsa zilombo zitatu mu Lunkhwakwa,
chimodzi mpaka lero chilibe dzino.

Pano pali shopu ya mafoni pomwe panali kachipinda.
Tepi inadyedwa ndi chinyezi,
amalume tinawaika chaka cha njala ya magetsi,
Zondiwe amamasulira kukhoti, amati, sindinakaone.
Ine ndimakweza anthu pahonda kupita ku Mwami,
chipewa changa chong'aluka pamwamba pa diso lamanzere.

Ndikamadikira kasitomala ndimamuganiza.
Mwina wakalamba, zipi sikutsekanso.
Mwina malipiro ake anali mbale ya mpunga ndi yokwerera.
Mwina kwawo anamuonera anthu khumi,
asanu mwa iwo adani aja.
Sadziwa kuti kuli Chipata,
kuti ana makumi anayi onunkha thukuta ndi mango
anaima pamabenchi kumukuwira kuti dzuka,
dzuka iwe, m'chilankhulo chomwe naye sakanachimva.

Dzulo ndinagwa pakona ya ku Mchini,
galu anandidutsa kutsogolo.
Ndili chagada, fumbi mkamwa,
ndinasuzumira pamng'alu:
kamwana ka yunifomu kandiweramira, kakugwira bondo,
kakudikira kaone ngati filimu ipitirira.