Zitsulo za Padenga la Nemesio

Ku Allpamarka, m'mapiri a Peru,
khoma limaulula zaka zake ngati mano a bulu.
Bambo anga, Eulogio Ccahuana, ankandiyendetsa mumsewu wa kumsika
chingwe chawo chomangira chili m'thumba,
n'kumati: gwada, Fortunata, yambira pansi.

Pansi penipeni pali miyala yosema,
yolumana popanda matope,
moti singano imabwerera pakhomo.
Eni ake sitiwadziwa maina.
Atsamunda atafika anagwetsa zapamwamba,
maziko anawakanika,
ndiye anangosanjikapo tchalitchi chawo cha njereza.
Mpaka lero belu likalira
limanjenjemera ndi khoma la ansembe,
miyala ija ili phee.

Pamwamba pake pali zidina, m'badwo wa bambo.
Dothi lofiira, udzu wa m'phiri woduladula,
madzi oluma a mu June.
Ankaponda matope mpaka zidendene kung'aluka.
Nyumba imodzi ankamanga msewu wonse:
lero kwa Ccahuana, mkuja kwa mayi Presentación amasiye,
malipiro ake mbatata zophika ndi mowa wa chimanga.
Denga likatha ankakhazikapo ting'ombe tiwiri tadothi,
timaso tili kumsewu.

Chivomerezi chinabwera tsiku la msika, masanasana.
Ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi,
ndinali nditatumidwa mchere.
Nyumba ya mayi Presentación inangokhala pansi
ngati nkhuku ya chitopa.
Iwo tinawapeza kumpopi, ndowa ili m'manja,
akufunsa aliyense ngati waona mphaka wawo.
Usiku umenewo bambo anayendera makoma onse amene anamanga,
akulowetsa chala m'ming'alu,
osalankhula.

Kenako malole.
Kunabwera injiniya wa ku Lima, chipewa choyera mbee,
nati dothi ndi umphawi.
Anatsitsa simenti, zitsulo, njerwa zamabowo.
Bambo, imvi zili mbuu, anayamba kuphunzira kumanga waya
kwa mnyamata wosamera ndevu.
Simenti inawadya zala.
Ankati vuto lake ndi limodzi:
matope ankadikira munthu atsirize nkhani,
iyi ukangotembenuka yauma.
Anthu anayamba kulipirana pa tsiku,
mowa wa chimanga unabwerera kumaukwati.

Mlongo wanga Nemesio ali kumgodi wa mkuwa.
Nyumba yake ndi iyo pakona, yosapaka pulasitala.
Padenga pake patuluka zitsulo khumi ndi ziwiri
zoloza kumwamba, zovekedwa mabotolo kuti dzimbiri lisazidye.
Akuti chaka chamawa asanja chipinda china.
Chaka chamawacho chakwanitsa zaka zisanu ndi zitatu.
Mlamu wanga amayanikapo malaya a ana,
galu amagona pakati pake.
Kwerani paphiri muone:
tauni yonse yamera zitsulo,
munda umene aliyense akudikira kukolola.

Ine ndimadinda mapulani ku ofesi ya tauni.
Inki, siginecha, wotsatira.
Dzulo kunabwera atsikana awiri a ku yunivesite
akufuna wodziwa kuumba zidina.
Akuti dothi limasunga kutentha usiku,
akuti ukalimanga ndi nsungwi m'kati limavina osagwa.
Amalankhula ngati atulukira mwezi.

Ndinaseka mpaka misozi, kenako misozi yokhayokha.

Chikombole cha bambo chili kuseri kwa khitchini,
timadyetseramo mbira.
Ndinakhuthula udzu, mbira zikudandaula,
ndinachitsuka pampopi womwe uja.
M'ngodya mwake mudakali dothi louma, lofiira,
lokana kuchoka ngakhale ndi mpeni.

Loweruka ndivula nsapato za ku ofesi.
Muyeso wa udzu sindikuukumbuka bwino,
bambo sankayeza, ankangonunkhiza dothi
n'kulifinya m'dzanja.
Koma ndawauza atsikanawo alawirire,
asanagwire fosholo
tidzere kaye mumsewu wa kumsika,
ndikawagwaditse.