Nkhope ya Zuwawo pa Khoma

Ndinaigula ndi ndalama yotsekera sizoni,
nzimbe zomaliza zitalowa m'chigayo pa Nchalo.
Katoni ndinaifukata m'minibasi kuchokera ku Limbe,
potsetsereka Thabwa makutu akutseka,
kondakitala nkumati: bambo, mwanyamula mazira?

Khoma ndinapaka laimu kawiri,
koma mzere umene madzi anasiya chaka chija
ukutulukabe, wofiirira, wolekeza m'chiuno.
Ndinasanja njerwa pansi pa pulojekita
kuti chithunzi chikwere chiulumphe.
Chinakwera, koma chopendekeka ngati mono,
kukamwa kotambalala, kumchira kothina.

Kabuku kake kali m'zilankhulo zisanu ndi chimodzi.
Chisena mulibe.
Tsapatayi, wa Folomu Thuu, ndiye analanda rimoti.

Amene anaupanga makinawa
amakhala kumene dzuwa limachita manyazi.
Kuno limalowa ndi pa bowo la msomali.
Tinatchinga mazenera ndi zitenje ndi bulangete,
nyumba nkusanduka uvuni wa njerwa,
kafani ka m'kati nkulira ngati udzudzu wa ku dambo,
kenaka thii, yadzizimitsa yokha.
Tinaphunzira kudikira usiku.

Tinayamba kuyesa ndi mpira.
Udzu unabiriwira mwabodza
moti ng'ombe za ku Ngabu zikanagumula khoma.
Chepetsa utoto, ndinatero. Anachepetsa.
Onjeza pang'ono. Wapyola. Bwerera.
Mpira ulibe mlandu,
udzu wa eni sudandaula ukaunamizira.

Ndiye mlamu Rozinya anatulutsa foni
yomangidwa ndi mphira.
Muli mphindi zitatu zokha:
ukwati wa ku Bangula, fumbi, ana othamanga,
ndi mng'ono wanga Zuwawo atawerama pa valimba,
miyezi inayi madzi asanabwere.

Pa chisankho cholembedwa kuti sinema
Zuwawo panalibe.
Panali malaya oyera ndi mano basi,
timitengo tikuvina tokha mumdima.
Kweza kuwala, ndinatero.
Anatuluka, koma wotuwa
ngati phulusa la nzimbe limene limagwa pa zochapa.
Tinatembenuzira ku mtundu wofunda,
anafiira ngati wadwala.
Ku wozizira, anakhala mlendo wa kumapiri.

Anali wakuda kuposa apo, anatero Rozinya,
ngati nthanga ya bwemba ukaitsuka.
Ine ndinati ayi, anali woyererako, anatengera mayi.
Tinatsutsana mpaka ndinazindikira
kuti amene ndinagona naye mphasa imodzi zaka khumi ndi zinayi
sindikumukumbuka khungu.
Mawu ake ndili nawo. Kutsokomola kwake ndili nako.
Khungu ndinkaliona tsiku ndi tsiku osaliyang'ana.

Tsapatayi anangopitiriza kudina,
kamzere kakuyenda ngati nyerere:
makumi anayi, makumi asanu,
makumi asanu ndi ziwiri.
Pamenepo chipsera chinatulukira pamwamba pa diso,
chimene ndinamupatsa ndine ndi legeni
tikulimbirana masau.
Thukuta linanyezimira pamphuno.
Gulugufe wa usiku anatera pa tsaya lake
ndipo palibe amene anamuthamangitsa.

Siyani pomwepo, anatero Rozinya.

Manambala ndinawalemba ndi pensulo pa katoni,
ndinawalembanso kuseri kwa chitseko,
pamwamba ndithu, posafika madzi.

Loweruka anansi amabwera ndi mipando yawo.
Amati udzu wa m'bwalo wauma ngati mu Okutobala,
azungu akuoneka ngati awapaka ufa,
jezi yofiira siikufiira bwino.
A Bizeki anadzipereka kuti akonze,
akuti anagwirapo ntchito m'shopu ya mawailesi ku Beira.
Ndinawathokoza.
Ndinati rimoti inatha mabatire.

Ali m'thumba la malaya anga a ku tchalitchi, onse awiri.